Chithunzi cha Bambo Chasweka

Kunyumba ankamutcha Kagwiragwira. Timanja take sitinkakhala chete. Kagwiragwira ankawasowa bambo ake. Bambo ankagwira ntchito kutali, kutali zedi.

Pabalaza panali kompyuta. Ukaisiya osaigwira, inkaonetsa zithunzi yokha. China chinkapita, china n'kubwera. Chithunzi cha bambo chinalimo. Anavala chipewa chachikasu, akuseka.

Tsiku lina amayi ankasoka m'chipinda. Kagwiragwira anadina apa. Anadina apo. Anadinanso apo. Kenako anaisiya kompyutayo.

Zithunzi zinayamba. Bambo aja! Koma mwadzidzidzi, phwaa! Chithunzi chinasweka zidutswazidutswa. Chipewa chinaulukira uku. Mphuno inaulukira uko.

"Mayo ine! Ndawaswa bambo!"

Mtima wake unagunda, thi, thi, thi! Anagwedeza kambewa ka kompyuta kuti atole zidutswazo. Zithunzi zonse zinathawa. Zii!

Anagwedezanso. Bambo kulibe. Anagwedeza kwambiri. Bambo kulibe. Kagwiragwira anachita mantha. Misozi inalengeza m'maso.

Amayi anatulukira, ulusi uli pakamwa.

"Wagwiranso chiyani, iwe?"

"Amama, ndaswa chithunzi cha bambo. Ndiye tiziwaona kuti?"

"Sichinasweke, mwanangu," anatero amayi. "Wangosintha kachokedwe kake. Taona apa. Chithunzi chingachoke mosweka. Chingachoke motsetsereka. Chingachoke mosungunuka. Sankha."

"Mosungunuka," ananong'ona Kagwiragwira. "Koma sizipweteka?"

"Sizipweteka. Tsono khalira manjawo. Ukagwira kambewa, zithunzi sizibwera."

Kagwiragwira anakhalira manja ake. Koma inali ntchito! Chala china chinkayabwa. Chala china chinkafuna kuthawa. Anadikira. Anadikira. Nanga bambo akapanda kubwera?

Kenako, bambo aja! Chipewa chilipo. Mphuno ilipo.

Pang'onopang'ono bambo anayamba kusungunuka. Kagwiragwira anayang'anitsitsa. Pang'onopang'ono chithunzi china chinayamba kuoneka. Chinali chake! Chithunzi cha bambo chinali chisanachoke. Nkhope yake inakhala pachifuwa pa bambo.

"Amama, taonani! Bambo andinyamula!"

Amayi anachotsa ulusi pakamwa. Anakhala pansi, n'kumuika pamiyendo.

"Tidikirenso," anatero amayi. "Abweranso."

Anadikira awiriwiri. Timanja tija tinali chete, tili m'manja mwa amayi.