Mayi Ndinalapa Kale

Abale inu, m'nyumba ya makaniko wina wa kwathu kuno zinthu zinafika pa mwana wakana phala! Mkazi wake, woluka tsitsi pa saluni, anali atangochoka kuchipatala mimba itapita padera. Anagona pampando, nkhope ili mbuu. Ndiye apongozi ake, amayi a makanikoyo, akutulukira ndi Baibulo m'khwapa n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Dengu lobooka ili," anatero. "Mwana wanga angovutika n'kuthiramo."

Mayi amenewa anthu amawatcha a Ndinalapa Kale, chifukwa kulakwira munthu amalakwira ndithu, koma mawu oti pepa sanatulukepo pakamwa pawo.

Mkazi uja anadzuka pampando paja. Analowa kuchipinda, chitseko phwa! N'kuyamba kuponya zovala m'chikwama, misozi ili chuchuchu. Makaniko anamutsatira manja ali ndi oyilo.

"Mkazi wanga, chonde, usandisiye. Mwana wapita, iwenso upite? Nditsala ndi ndani?"

"Utsala ndi mngelo wako ali pabalazayo."

Makanikoyo, mwamuna wamkulu, ndevu pepeya, anathamangira pabalaza n'kugwada pamapazi a amayi ake.

"Amayi, ndagwira mwendo wanu. Liwu limodzi lokha. Mumuuze kuti mwalakwa."

"Ine? Ndinalapa kale ine, tsiku la ubatizo wanga, iwe usanabadwe n'komwe. Machimo anga onse anapita ndi madzi."

"Nanga la lerolo, Amayi? Lapita ndi madzi ati?"

"Usandilalikire, ndinakubereka ndine!"

Mkazi uja anatuluka chikwama chili m'manja. Anaima pakhomo.

"Amayi, ndakuphikirani, ndakuchapirani, ndakuperekezani kutchalitchi. Tsiku lililonse mumandibaya, madzulo n'kumaimba nyimbo za Mulungu. Mwana amene mwamunyozayu anali mdzukulu wanu."

Anapita. Makaniko analira ngati kamwana, kenako anatenga bulangeti n'kukagona kugalaja. Kunyumbako osapondako, foni ya amayi ake osayankha.

Nyumba inangoti zii. Akuti mayi aja ankati akagwada kuti apemphere, pofika paja pakuti "mutikhululukire zochimwa zathu", lilime limakana. Ankangomva mawu a dengu aja akulira m'makutu. Anayamba kuwonda, mafupa a m'khosi ali poyera.

Tsiku lina m'mawa anatulukira pa saluni, mpango uli pambali, maso ofiira. Azimayi odzalukitsa anasiya nkhani zawo, wina mpaka anatulutsa mutu m'chowumitsira tsitsi kuti asaphonye kanthu. Mayi aja anagwada pansi pomwepo, pa tsitsi lometedwa.

"Mwananga, ndinalakwa. Pakamwa pangapa ndi ponyansa. Ndakuphwanyira banja, ndadziphwanyira mwana. Pepa, bwerera kunyumba."

Mpongozi wawo anapitiriza kuluka, misozi ikudonthera pamutu pa kasitomala.

"Ndamva, Amayi. Tchimo limenelo ndi la dengu. Nanga lija munati ndine mfiti pamaso pa alendo? Lija munataya chakudya changa kwa galu?"

"Onsewo, mwananga, ndikulapa onse lero, tithane nazo."

"Ayi. Kulapa kwa kamodzi n'kumene kwatifikitsa pano."

Anawadzutsa, nawasansa tsitsi m'mawondo, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo.

"Ndiye ndichite chiyani, mwananga?"

"Mubwerenso mawa."