Bingmalo Akana Kutsika Ndege

Bingmalo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kwawo kunali kumapiri a ku Wau, ku New Guinea.

Maso a amayi ake anali atatupa. Amayi sankaona njira. Sankaona moto. Bingmalo ndiye ankawagwira dzanja.

Dokotala wa maso anali kutali, kunyanja. Ulendo wapansi unali wa masiku asanu ndi atatu.

Tsiku lina kunatera ndege yopita kunyanja. Inali yaing'ono. Thupi lake lonse linali la malata, ngati denga la sitolo. Woyendetsa wake anali bambo Garvey.

"Amayi akwere," anatero bambo Garvey. "Mwana atsale. Ndege yalemera kale."

Bingmalo anakweza amayi ake. Anawakhazika pampando. Kenako iye anakhala pansi. Anagwira mwendo wa mpando zolimba.

"Tsika, mwana iwe," anatero bambo Garvey.

"Sinditsika."

Amalume ake, a Tamu, anasuzumira pakhomo. "Tsika, Bingmalo. Usatichititse manyazi."

"Sinditsika, amalume. Nanga kunyanjako akawagwira dzanja ndani?"

Bambo Garvey anagwada pafupi naye. "Tamvera. Ndege ikalemera kwambiri, singadumphe phiri. Tingagwe tonse."

Bingmalo anayang'ana uku ndi uku. Kumbuyo kunali bokosi lalikulu.

"M'bokosimo muli chiyani, bambo?"

"Miyala. Ndi ya anthu okumba golide."

"Kodi miyalayo ikudwala?"

Anthu amene anali panja anaseka. Bambo Garvey anakanda mutu.

"Chabwino. Tsika, tikuyeze pasikelo."

"Sinditsika. Mundisiya pansi. Sikelo ibwere muno."

Sikelo inabwera. Anaikoleka pakhomo la ndege. Anayamba ndi bokosi lija. Muvi wa sikelo unapita kutali.

Kenako Bingmalo analowa m'thumba la ukonde. Anamukoleka ngati mbatata. Anapuma pang'onopang'ono, kuti asalemere. Muvi unangosuntha pang'ono.

"Bokosi litsike," anatero bambo Garvey. "Miyala idikire Lachisanu."

Injini inalira. Malata ananjenjemera. Ndege inathamanga pamtsetse, nkunyamuka.

"Tili pati, mwanangu?" anafunsa amayi ndi mantha.

"Pamwamba pa mitengo, amayi. Gwirani dzanja langa."

Anadumpha phiri. Anadumpha mtsinje. Dzuwa lisanafike pamutu, anatera kunyanja.

Dokotala anatsuka maso a amayi. Anathira mankhwala. Anamanga nsalu yoyera. Bingmalo ankawapatsa madzi. Ankawasendera nthochi. Ankawaperekeza panja kukaothera dzuwa.

Patapita masiku asanu, dokotala anamasula nsalu. Amayi anaphethira. Anaphethiranso. Anayang'ana Bingmalo nthawi yaitali.

"Mukundiona, amayi?"

"Ndikukuona, mwanangu. Koma tsitsili unapesa liti?"

"Ndinalibe nthawi, amayi."

Amayi anaseka mpaka misozi. "Bwera, khala apa."

Bingmalo anakhala pamiyendo pawo. Amayi anatenga chipeso, nkuyamba kumupesa.