Chimene Chinkaphwanya Matimati a Mayi Alefa

Aphunzitsi a Vitalis anayang'ana dengu la mashelefu atatu limene wophunzira wawo Kingstone anajambula, n'kukankhira pepalalo pambali.

"Anakuuzani ndani kuti vuto ndi dengu?"

Ana anayi onse a m'gulu la Kingstone anayang'anana. Zione, mtsogoleri wawo, anachita manyazi osakanikirana ndi mkwiyo. Kunatsala milungu itatu kuti chionetsero cha sayansi chichitike pasukulu yawo ku Chitawira, ndipo magulu ena anali atayamba kale kukhoma misomali. Iwo anasankha kuthandiza amayi ogulitsa matimati ku Limbe, amene katundu wawo ankafika mumsika ataphwanyika.

"Safunsa anadya phula," anatero aphunzitsiwo. "Pitani mukaone ndi maso, mukafunse eni ake. Mukadziwa chimene chikuphwanya matimatiwo, m'pamene tidzakambe za dengu."

Anapitadi, atavala yunifolomu, makope ali m'manja. Komatu chinali chaka cha 1978, ndipo munthu wanzeru zake sankauza mlendo wonyamula kope kuti ali ndi vuto. Mayi aliyense ankangomwetulira. "Zonse zili bwino, ana anga. Tikuthokoza boma."

Anzake anagwa ulesi, koma Zione anali wamakani kuyambira kale. Loweruka m'mawa anamanga chitenje, kope n'kulisiya kunyumba, n'kukadikira pamene amayi ankatsikira basi. Anapempha mayi wina woonda, a Alefa, kuti awasenzereko dengu limodzi.

A Alefa sanalowere kuchipata, kumene anyamata ankafunsa makadi a chipani. Anazungulira kuseri, kutsikira mungalande yoterera, kenako kukwawa pabowo la pansi pa waya, dengu akulikoka chopendeka. Pofika mkati, matimati apansi anali atatheratu, madzi ali chuchuchu.

"Bwanji osadzera kuchipata, mayi?"

A Alefa anayang'ana uku ndi uku. "Chikhulupiriro changa sichilola kuti ndigule khadi. Amuna anga anawatenga chaka chatha pa nkhani yomweyi. Wamva wekha, mwanawe, zithere pompano."

Zione anabwerera kwawo ali wosangalala kwambiri. Kunena mosabisa, za amuna a mayiwo sanaziganizirenso, iye ankangoona mphoto. Anajambula mapu okongola, ngalande, waya ndi bowo, pansi pake n'kulembapo dzina la a Alefa ndi mawu awo onse.

Aphunzitsi a Vitalis atawerenga, anadzuka n'kutseka chitseko.

"Vuto walipeza, ndipo walipeza bwino. Koma pachionetsero mudzangolemba kuti dengu limapendeka likamadutsa pamalo opanikiza. Mapu ndi dzinali ukaotche. Pepalali likaonedwa, mayiyu sadzagonanso kwawo."

"Si ndinu munati tikafufuze zoona, aphunzitsi?"

"Ndinatero. Koma zoona zimenezi si zako, anangokusungitsa."

Zione anagwedeza mutu ngati wamva, mumtima akuti aphunzitsiwa ndi amantha chabe. Avutike chonchi, kenako mphoto ipite kwa gulu la Emily ndi kambaula kawo? Anafufuta dzina lokhalo ndi inki, n'kudziuza kuti basi zakwana. Tsiku la chionetsero, aphunzitsi atatanganidwa kulandira alendo, iye anakhoma mapu aja pamwamba pa dengu latsopano, lalifupi ndi lachivindikiro, limene gulu lake linaluka.

Bambo wina wovala suti, baji ya chipani ili pachifuwa, anaima nthawi yaitali pamenepo.

"Uli ndi dzanja labwino, mtsikana," anatero mwaulemu. "Ndingatengeko pepalali?"

Akanakana bwanji? Anazula yekha timisomali n'kupereka ndi manja awiri. Potembenuka anaona aphunzitsi a Vitalis ataima pakhomo, akumuyang'ana osaphethira. Mphoto yoyamba inapitadi kwa gulu la Zione, koma aphunzitsiwo sanaombe m'manja.

Lolemba ataweruka anathamangira ku Limbe ndi dengu lija, akudzilimbitsa mtima kuti papepala panalibe dzina. Anapeza bowo litatsekedwa ndi waya watsopano. Pamalo pa a Alefa panali matimati opondedwapondedwa, ntchentche zili ng'waa.

"Amenewo sitikuwadziwa," anayankha mokweza mayi wogulitsa anyezi pafupi, Zione atafunsa za a Alefa. Kenako anawerama ngati akusanja milu, n'kunong'ona. "Anawadikirira pabowopo lero m'mawa. Anali ndi pepala losonyeza njira yonse. Ana awo atatu ali okha ku Bangwe, sakudziwa chilichonse."

Zione anaika dengu lija pansi. Anamva chisoni ndi mantha zimene anali asanazimvepo chibadwire.

"Chonde mayi, kunyumba kwawo n'kuti? Ndikufuna ndikawaone anawo."

Mayiyo anayang'ana yunifolomu, kenako nkhope ya Zione, mpaka anamuzindikira.

"Si iwe unawasenzera dengu tsiku lija?" Anakokera anyezi wake pafupi. "Pita, mwanawe. Iweyo sindingakulozere njira ya kwa munthu."