Mausi ya Manzere

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye alamu anga amandiyesa chitsiru. Anandilemba ulonda pa shopu yawo ya magemu ngati akundichitira chifundo. Kusesa ndine, kupukuta makompyuta ndine, kukhoma chitseko ndine. Zikomo wawo sindinamumvepo.

Gemu imene anthu amaifera pamenepo ndi ya asilikali ovala zitsulo, omenyana ndi malupanga oyaka m'chombo cha mlengalenga. Amasewera anayianayi, kulimbana ndi anthu akutali pa intaneti. Azibambo a ndevu zawo, kumakuwa ngati ana.

Katswiri wawo anali wometa tsitsi wapafupi, tinkamutchula kuti Manzere. Kompyuta yake inali ya pakona. Akafika ankasamutsira mausi kumanzere, n'kundikalipira: "Mdala, wakhudza zanga ndani?" Ine madzulo ndinkaibwezera kumanja, mwadala. Mwezi wathawu anamwalira mwadzidzidzi.

Patatha sabata, alamu anayamba kupeza kompyuta ya pakonayo ili yoyaka m'mawa.

"Alamu, mukulowetsa anthu usiku," anatero. "Ndikaipezanso yoyaka mundipatse makiyi. Mlongo wanga mukamufotokozere nokha."

Ntchito ndi yonyozeka, koma ana anga amadyera pomwepo.

Madzulo amenewo ndinazimitsa zonse ndekha, imodziimodzi. Mausi ya pakona ndinaiika kumanja. Ndinakhoma, n'kukhala panja pa benchi, makiyi ali m'thumba la jekete.

Agalu atasiya kuuwa, ndinamva. Ngwee! Ngwee! Zitsulo kugundana, chapansipansi. Kunsi kwa chitseko kunkatuluka kuwala kobiriwira.

Sindinalowe. Ndinaimbira alamu foni.

"Bwerani mudzagwire wakuba wanu uja."

Anabwera pa galimoto, atavala kabudula wogonera, tochi ili m'manja. Anayamba ndi kugwedeza loko. Wokhoma.

"Tsegulani."

M'katimo munalibe munthu. Mipando ili mmene ndinaisiyira. Koma pakona sikirini ikuyaka, msilikali akuthamanga m'chombo muja, akudula adani. Lupanga lili kudzanja lamanzere. Mahedifoni ali pa tebulo, mukumveka anthu akutali aja akumuchemerera m'chilankhulo chawo.

"Ndi intaneti imeneyi," alamu anatero. "Wina walowa pa dzina la Manzere ali kwawo. Zimachitika. Inu simungazimvetse."

"Chabwino," ndinatero. "Nanga intanetiyo imasamutsanso mausi?"

Anawalitsa tochi. Mausi ili kumanzere. Waya wake wadutsa pamwamba pa kiyibodi, mmene ankachitira mwini wake. Tikuyang'ana choncho, inasuntha. Pang'ono pokha. Msilikali uja anaima. Anatembenuka. Anatiyang'ana.

Alamu anazula pulagi, tochi n'kuwagwa m'manja n'kuzima. Mdima bii. Kenako ndinamva dzanja likugwira jekete langa, ndinatsala pang'ono kukomoka. Linali lawo.

"Alamu," anatero, mawu ngati a mwana, "musandisiye."

Munthu wa ku yunivesite ameneyo.

Tinatuluka chafutambuyo. Ndinakhala nawo m'galimoto mpaka kunacha, mawindo onse atakweza. Mantha ndinali nawo, sindikana. Koma mtima unakhala m'malo, chifukwa anaona ndi maso awo. Za makiyi sanazitchulenso.

Anzake atatu a Manzere amanong'ona kuti munthuyo anasiya nkhondo isanathe, ndipo dzina lake sanalifufute pa timu. Akuti palibe amene ali ndi mtima wolifufuta. Ine zimenezo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsopano ndikamapukuta, mausi ya pakona ndimaisiya kumanzere, waya pamwamba pa kiyibodi. Ndimanenanso mokweza: "Sindinakhudze zanu, bwana."

Chiyambire kompyutayo sinayakenso yokha. Ntchito ndikadali nayo. Alamu masiku ano amayamba ndi iwo kundipatsa moni, ndipo dzuwa likamalowa amakhala atapita kale.