Keke ya Mzime

Panali mtsikana wina. Kwawo ankamutchula kuti Kamakani. Ukamuuza kuti sizingatheke, iye ndiye amayambapo.

Kamakani anali ndi mlongo wake wamng'ono, Mzime. Mzime sankadya mazira. Sankamwanso mkaka wa ng'ombe. Akangolawa, thupi lonse linkatuluka ziwengo. Ankadzikanda mpaka kulira.

Choncho Mzime anali asanadyepo keke. Anzake akamadya, iye ankangomeza mate.

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mzime linafika. Kamakani anati amuphikira keke. Keke yopanda dzira. Keke ya mkaka wa soya.

Amalume anali atabwera kudzacheza. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Keke yopanda dzira ndi njerwa, mwanawe," anatero amalume. "Ingomupatsani nthochi."

"Ayi, amalume. Mzime adya keke lero."

Kamakani anasefa fulawa. Anathira shuga. Anathira mafuta. Anathira mkaka wa soya. Anatakasa, natakasa, natakasa. Amayi anamuikira mu uvuni.

Keke inapsa, koma sinafufume. Inali yophwathalala. Inali yolimba gwa. Amalume anaigogoda ndi chala, go, go, go. Anafunsa ngati mkatimo muli munthu.

Mzime anati nthochi zomwezo zikwana. Koma m'maso mwake munali misozi.

Kamakani anaiona misozi ija. Anatsuka mbale. Anavalanso epuloni.

Amayi anamuuza kuti fulawa watsala wochepa. Akalephera, basi, palibenso wina.

"Ndiyesanso, amayi," anatero Kamakani. "Koma chofufumitsa n'chiyani?"

Amayi anaganiza. Kenaka anamupatsa ndimu ndi soda pang'ono. Anati ziwirizi zikakumana zimachita thovu. Thovulo ndilo limakweza keke.

Kamakani anafinyira ndimu mumkaka wa soya. Anadikira. Mkaka unakhuthala. Amalume anasuzumira. Anati mkakawo wawonongeka, autaye.

"Sinditaya," anatero Kamakani.

Anasakaniza soda ndi fulawa. Anathira shuga. Anathira mafuta. Anathira mkaka uja. Timathovu tinayamba kutuluka. Amayi anaika msangamsanga mu uvuni.

Kamakani anakhala pansi, maso pa galasi la uvuni. Mzime anakhala pambali pake. Keke inayamba kukwera. Inakwera, inakwera, inakwera. Fungo linadzaza nyumba yonse.

Amalume anasiya kuseka. Anapita okha kukatenga mbale yawo.

Keke itazizira, Kamakani anaidula. Inali yofewa ngati thonje. Amalume anatambasula dzanja.

"Pepani, amalume. Woyamba ndi mwini tsiku."

Mzime analuma. Anatafuna pang'onopang'ono. Onse ankamuyang'ana m'manja ndi m'khosi. Sanadzikande. Chiwengo sichinatuluke ngakhale chimodzi.

Amayi anadya. Amalume anadya, napemphanso ina. Kamakani anawapatsa, uku akumwetulira.

Mzime ananyambita zala zonse. Kenaka anakoka epuloni ya Kamakani.

"Achemwali," ananong'ona, "mawa ndibadwenso?"