Tombolombo Atatchula Dzina la Tiyanjane

Tombolombo anatera pakhonde pa Nasibeko m'mawa wa Lolemba, iye akusenda chinangwa. Sanali tombolombo wakudambo ayi, koma kamakina ka mapiko anayi, koyendera dzuwa, kamene achipatala ankatumiza m'midzi ya ku Ntcheu chiyambire 2058 kukakumbutsa makolo za katemera wa ana osinkhuka. Kankazindikira makolo a mwana aliyense kudzera m'magazi amene ankayezedwa tsiku lobadwa.

"Bambo Lifeyo Kamtambe," kanatero ndi mawu osalala, "mwana wanu Tiyanjane wakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri. Lachinayi akalandire katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero."

Mpeni unaima. Nasibeko anabereka ana atatu, Chifuniro ndi ang'ono ake awiri, onse aamuna.

"Kasokonekera aka," anatero Lifeyo, mwamuna wake, akukapirikitsa ndi chipewa.

"Kasokonekera mpaka kutchula mayina anu onse awiri, bambo a Chifuniro?"

Lifeyo ananyamula khasu n'kuchoka, chikhalirecho kumunda anali atatha kupalira.

Nasibeko sankakakonda kamakinako. Anthu ankanong'ona kuti kamamvetsera za m'nyumba n'kukaulula kuboma. Koma tsiku limenelo mtima wake unkakayikira munthu, osati chitsulo. Anavala chitenje n'kupita kwa mlangizi wa zaumoyo, mayi Chabwera.

"Za mwana wa eni sindingakuuzeni," anatero mlangiziyo. "Chimene ndinganene n'chakuti tombolombo amayambira kwa mayi. Akapita katatu osayankhidwa, m'pamene amasaka bambo."

"Nanga mayi angalephere kuyankha bwanji katatu konse?"

Mayi Chabwera anatseka kaundula wawo n'kumuperekeza pakhomo.

Atabwerera kunyumba, Nasibeko anaima pakhomo, osalola mwamuna wake kulowa.

"Mayi wa mwanayo ali kuti?"

"Anamwalira mwezi wa Febuluwale," anatero Lifeyo. "Mwanayo ali kwa amalume ake ku Bilila. Sukulu anasiya."

"Kumaliro munapita?"

"Ndikanati ndikupita kuti?"

Lachinayi Nasibeko anapita yekha ku Bilila. Anapeza kamtsikana kowonda kakuchapa zovala za nyumba yonse, makutu ake enieni a Lifeyo. Nasibeko anakagwira dzanja mpaka kuchipatala.

"Ndinu mayi ake?" anafunsa namwino.

"Bayani kaye. Zinazo tikambirana."

Madzulo ake Tiyanjane analowa m'nyumba ya Nasibeko ndi kathumba kake ka zovala. Lifeyo sanalankhulidwe mwezi wathunthu.

Nkhani inawanda. Abambo ena anayamba kusaka tombolombo ndi malegeni, pamene amayi amene kale ankatseka zitseko anayamba kukhala pakhonde, khutu lili tcheru. Chaka chimenecho chiwerengero cha obayitsa katemera chinakwera kuposa kale lonse, ndipo pamzere panali atsikana ambiri obwera ndi amayi amene sanawabereke.

Opanga makinawo ankafuna kukumbutsa makolo tsiku la jekeseni. Sanaganizepo kuti kuli abambo ofunika kuwakumbutsa kuti ali ndi mwana.