Dzina Lotchulidwa Paphiri

Dzuwa likupendeka, Abigail anali m'chigafa cha alamu ake, a Tabita, akuthandiza kusoka fodya. Singano yake inkayenda pang'onopang'ono, pakuti manja ake anazolowera choko ndi makope a ana asukulu ku Lilongwe. Utomoni wa masamba unkamata zala, ndipo fungo lake linkamuyambitsa mseru umene ankaumeza mobisa. Anali ndi pakati pa miyezi itatu. Sanauze munthu aliyense, ngakhale mwamuna wake Caleb.

Ulendowu anaukonza yekha. Loweruka kunali ukwati wa mnzawo ku Ntchisi boma, ndiye anaganiza zoti agone masiku awiri kwawo kwa Caleb ku Msakambewa, kenako Lachisanu akwere phiri limene lili kuseri kwa mudzi. Ankafuna kukamuuza za mwanayo pamwamba penipeni, kutali ndi makutu a anthu. Caleb atamva za phirilo anangomwetulira n'kunena kuti, "Wandiyankhulira zimene ndimaganiza."

Koma mudzi sunawalandire. Galimoto itangoima, amayi anakokera ana awo m'nyumba. Kumjigo macheza anatha Abigail atafika, ndipo mayi wina anakhuthula madzi amene anali atatunga kale chifukwa chidebe chake chinakhudzana ndi cha mlendoyo.

"Ndamva kuti mawa mukukwera phiri," anatero a Tabita, maso ali pa fodya.

"Eya, alamu. Tinyamuka m'mamawa, masana tikhala titabwerako."

"Wayambitsa ndani?"

"Ine."

A Tabita anaseka cham'mphuno. "Ndiye mwamupeputsira ntchito."

Anaika singano pansi n'kuyamba kufotokoza, mawu awo ali ouma ngati mapesi. Zaka zinayi zapitazo Caleb anakwera phirilo ndi mng'ono wake Langton. Anatsika onse ali bwinobwino. Patatha sabata Langton anafa ali chikhalire pakhonde, chimanga chootcha chili m'manja, ndipo mwezi womwewo Caleb anapeza ntchito mu ofesi. Chaka chatha anakwera ndi Lonjezo, mwana woyamba wa a Tabita, mtsikana wa Fomu 2. Masiku otsatira agalu a m'mudzi anasiya kuuwa, pakhomo pankamveka fungo la ubweya wowauka pomwe palibe amene wapha mbuzi, ndipo Lonjezo ankatembenuka pafupipafupi n'kufunsa kuti akumuitana ndani. Sabata yachiwiri anamuika m'manda.

"Galimoto mwabwera nayo ija ndi mwana wanga," anatero a Tabita.

"Achipatala anati anali malungo aakulu."

"Inu ophunzira, pepala likanena ndiye kuti nkhani yatha. Pamwamba paja pali mwala wong'ambika pakati. Mwamuna wanu amaima pamenepo n'kuitana dzina la munthu katatu. Lonjezo anandiuza yekha akuseka, ati amalume amasewera ndi phiri lobweza mawu."



"Inuyo musaope," anapitiriza a Tabita. "Mankhwala okhwimira amadya magazi a mwini wake. Inu ndinu obwera." Kenako maso awo anatsikira pamimba pake n'kukhazikika pomwepo. "Pokhapokha ngati mukukwera muli awiri."

"Ndili ndekha."

"Chabwino. Wosabadwa alibe dzina, ndipo wopanda dzina saitanika. Mukuyesa makolo anali opusa podikira kuti mchombo uyambe wagwa?"

Abigail anatuluka m'chigafamo mtima ukuwira. Nkhani zoterezi anali atazimvapo zambiri. Munthu akangotukuka pang'ono, abale ake omwe amamusandutsa mfiti. Caleb wake anali woimba kwaya, munthu wosatha n'kupha nkhuku komwe. Analongedza m'chikwama madzi, nthochi ndi mbatata yophika, n'kudziuza kuti nsanje ya anthu a kuno simulanda tsiku lake.

M'mawa mwake ananyamuka mame asanaume. Anadutsa m'minda ya chimanga, ndipo bambo wina amene ankabandira anawayang'ana, n'kulavula pansi, osayankha moni. Atalowa m'mitengo, nkhungu inawakuta. Poyamba kunkamveka njiwa ndi anyani chapatali, koma m'mene ankakwera phokosolo linkachepa, mpaka Abigail anatsala akungomva kupuma kwake. Caleb, amene ku Lilongwe ankadandaula ndi masitepe a ku ofesi, ankayenda patsogolo osatuluka thukuta ngakhale dontho. Njira sankaifunafuna. Mapazi ake ankaidziwa.

"Caleb, tapumulako."

"Tatsala pang'ono, Abi."

Mwalawo unalipodi, wakuda, wautali kuposa nyumba, wong'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mumng'alumo munkatuluka kamphepo kozizira. Abigail ananunkhiza, n'kumva ngati ubweya wowauka, koma anadziuza kuti ndi owotcha makala kutsidya. Nkhungu inang'ambika pang'ono ndipo mapiri a Ntchisi anaonekera, obiriwira, monga mmene anawaganizira pokonza ulendowu. Mtima wake unakhala pansi. Anagwira dzanja la mwamuna wake n'kuliika pamimba pake.

"Tili atatu pano," anatero motsitsa mawu.

Caleb anagwada. Misozi inatsika m'masaya mwake, yeniyeni, ndipo Abigail anachita manyazi kuti anamvetsera n'komwe zonena za a Tabita.

"Dzina waganiza kale?" anafunsa Caleb.

"Sizitchulidwa izo mwana asanabadwe."

"Iwenso wayamba za kumudzi? Tili awiriwiri kuno. Akumva ndani?"

Abigail anakumbukira maso a alamu ake pamimba pake, ndi madzi aja akukhuthulidwa kumjigo. Anthu amenewo sakanamuuza chonena kwa mwamuna wake.

"Akakhala wamkazi, Veronika. Dzina la malemu amayi."

"Ndi wamkazi," anatero Caleb.

Ananena ngati munthu amene wamuona kale. Anadzuka, n'kupukuta misozi ndi chikhato, n'kutembenukira kumng'alu kuja.

"Veronika!"

Phiri linabweza dzinalo.

"Caleb, ukutani?"

"Veronika!"

Linabwezanso, chapansipansi. Abigail anamugwira malaya, koma thupi la mwamunayo linali lolimba ngati chitsa. Anayesa kumutseka pakamwa, iye n'kumukankha ndi chigongono osamuyang'ana.

"Veronika!"

Ulendo uno phiri silinabweze. Kunangoti zii. Kenako mkati mwa mwalamo, kutali ngati pansi pa chitsime, munamveka kulira kwa khanda. Nthawi yomweyo Abigail anamva kuzizira m'mimba mwake, ngati mtsuko umene wina waupendeketsa n'kuukhuthula.

Anathawa. Minga inamung'amba miyendo, nsapato imodzi inatsalira m'matope, koma sanacheuke. M'mphepete mwa munda anapeza a Tabita ataima, manja ali kumbuyo, ngati akhala akudikira chiyambire m'mawa.

"Mwatchula," anatero a Tabita.

"Ndatchula."

A Tabita sanamukalipire, sanamutonthozenso. Anangoitana wa njinga yamoto n'kumuuza kuti athamange naye kuchipatala.

Namwino anamugoneka pabedi n'kuyendetsa kachipangizo kounikira pamimba pake. Anayendetsa nthawi yaitali. Anaitana mnzake, nayenso anayang'ana, kenako anayang'anana okhaokha.

"Amayi, anakuuzani ndani kuti muli ndi pakati?"

Abigail anatulutsa buku lake la kusikelo m'chikwama chake. Munali zonse, ndi chithunzi chomwe cha masabata awiri apitawo.

"Mwataya magazi?"

"Ayi."

"Ululu?"

"Ayi."

Namwinoyo anatseka bukulo pang'onopang'ono n'kumubwezera ngati likutentha. "Muno mulibe kanthu, amayi. Palibenso chosonyeza kuti mwapita padera. Muli ngati munthu amene sanaimepo."

Abigail anatuluka phazi limodzi lili lopanda nsapato. Pachipata panali galimoto ija, yotsukidwa, ikunyezimira padzuwa. Caleb anali atasintha malaya, atatsegula kale chitseko cha kutsogolo.

"Tiye, Abi, mawa kuli ukwati," anatero mofatsa. "Usalire. Tidzakhala ndi wina, ndipo dzina udzasankhanso ndiwe."